Mwana wa ku Michesi Aphunzira za Milandu

M'boma la Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi, muli mudzi wina waung'ono wa Alomwe. Anthu a m'mudzimo ndi alimi. Amalima chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa, ndipo likafika tsiku la msika amamanga matumba panjinga ndi kupita nawo ku Migowi. M'mudzi umenewo munabadwa mtsikana amene nkhani ino ikamba za iye. Dzina lake silitchulidwa muno, pakuti iye akali pasukulu, ndiponso abale ake ndi anthu osakonda kutchuka.

Bambo wa mtsikanayo anamwalira iye akali wamng'ono. Tsono, monga mwa mwambo wa kumeneko, amene anali ndi mawu pa iye ndiwo amalume ake, mlongo wa amayi ake, mwini mbumba. Mkuluyu sanaponde m'kalasi ndi tsiku limodzi lomwe, koma anali munthu wakhama ndi wosamala chuma. Anali ndi khola la mbuzi, ndipo chaka ndi chaka mbuzi imodzi kapena ziwiri zinkapita kumsika kuti mwana wa mlongo wake apeze yunifolomu, makope ndi fizi.

Chaka cha mphekesera

M'mwezi wa September chaka cha 2017 kunabuka mphekesera yoopsa. Anthu ankauzana kuti kwabwera anamapopa, ndiye kuti anthu oyenda usiku ndi zipangizo zopopera magazi a anzawo ali m'tulo. Mbiriyo inamveka poyamba cha ku Mulanje, nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu, mpaka mumzinda wa Blantyre. A zachipatala ananenetsa kuti sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe amene anapopedwadi magazi, koma mantha alibe makutu. Mabanja ankagona panja m'magulu. Anyamata ankatseka misewu ndi miyala ndi zipika, namafunsa mlendo aliyense kumene achokera ndi chimene wanyamula. Anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi makamu okwiya. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo apolisi anamanga anthu opitirira 100 chifukwa cha zipolowezo.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, mtsikana uja, amene pa nthawiyo anali mu Sitandade 8, anali kutunga madzi pamjigo. Panafika munthu wachilendo ali kukankha njinga, dengu lili kumbuyo. Tayala linali litaphwa. Munthuyo anapempha madzi akumwa, natulutsa pampu kuti apope tayala lake. Mayi wina ataona pampuyo anaponya ndowa pansi nakuwa, "Namapopa! Namapopa!"

Posakhalitsa mudzi wonse unali pamenepo, ena ndi zibonga, ena ndi zikwanje. Mlendoyo anayesa kulankhula, koma mawu ake anamira m'phokoso. Mwala woyamba unamtema pamphumi. Mtsikanayo poyang'ana m'khamumo anaona amalume ake, munthu amene sanam'menyepo ndi kamodzi komwe, ali ndi mwala m'dzanja, nkhope itasinthika.

Amene anapulumutsa mlendoyo ndi anyakwawa a m'mudzimo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Iwo anapyola pakati pa anthu naima patsogolo pake. "Ana inu," anatero, "munthu saphedwa asanalankhule. Masulani dengulo tione." Anamasula dengulo. Munali matemba ouma a ku nyanja ya Chilwa, ndi kambale koyezera. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, miyala ili kugwa pansi mwakachetechete. Mlendoyo anam'manga kansalu pamutu, nagona kwa anyakwawa, m'mawa mwake napitiriza ulendo. Palibe anapepesa. Usiku umenewo amalume anadya nsima osanena kanthu.

Akuluakulu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu March 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi mitengo, napha anthu mazanamazana. Khamu la anthu okwiya lifanana naye, pakuti likayamba kuyenda silisankha nyumba. Mtsikanayo anasunga funso mumtima mwake. Kukadapanda nkhalamba ija, akadaimirira ndani? Ndipo kodi dziko lonse lingadalire nkhalamba imodzi ya ndodo?

Mkangano wa pakhonde

Zaka zinapita. Mtsikanayo anasankhidwa kupita ku sekondale, nakhoza bwino mayeso a Folomu 4, ndipo dzina lake linatuluka pakati pa osankhidwa kukaphunzira ku yunivesite ku Zomba. Kumudzi kunali nthungululu. Amalume anapha mbuzi, nauza aliyense kuti mbumba yawo yabala mphunzitsi, kapena munthu wa muofesi.

Atatha chaka chimodzi ku Zomba, mtsikanayo anayesedwa mayeso ena olowera maphunziro a malamulo, nakhoza. Pofika kumudzi patchuthi anagwada pakhonde nati, "Amalume, ndasankhidwa kuti ndiphunzire za malamulo. Mtima wanga uli makamaka pa milandu ya upandu, ya kuba ndi kumenyana ndi kupha, ndi m'mene dziko liweruzira anthu oganiziridwa zimenezi."

Amalume anaika pansi mpeni ndi nsungwi zimene anali kusema. "Iwe mwana," anatero, "mbuzi zanga zinathera kumsika kuti udzakhale loya? Loya ndi munthu wolandira ndalama kuti chakuda achitche choyera. Wakuba timgwira ife ndi manja athu, timpereka kupolisi, mkuja timuona ali kumwa tiyi pamsika. Akuti belo. Kodi ukufuna kukaphunzira kumasula mbava?"

Mawu amenewa sanali opanda pake. Mkuluyu anaberedwapo mbuzi zitatu usiku umodzi, ndipo munthu amene anamganizira anatulutsidwa chifukwa panalibe womuona. Chilonda chimenecho chinali chisanapole. Alimi ambiri a m'dera limenelo adandaula chimodzimodzi, kuti lamulo lichedwa, ndipo nthawi zina wakuba alipyola ngati nsomba yopyola mono wong'ambika.

Mtsikanayo anakhala chete kanthawi, pakuti mwana satsutsana ndi amalume ake ngati anzake a pamjigo. Kenaka anati mofatsa, "Amalume, munthu wa matemba uja mukumkumbukira?"

Amalume sanayankhe. Anatola khasu napita kudimba, ngakhale dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Tsiku lobwerera kusukulu litafika, ndalama ya ulendo anaipereka kudzera mwa mlongo wawo, iwo eni osatsanzikana naye.

Zimene aphunzira ku Zomba

Kale munthu wa dziko lino wofuna kuphunzira malamulo ankayenera kuoloka nyanja. Orton Chirwa, amene anali woyamba mwa anthu akuda a ku Nyasaland kukhala loya, anakaphunzira ku London, namaliza m'chaka cha 1958. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 1965. Maphunziro a malamulo anayambira ku Mpemba, pafupi ndi Blantyre, nasamukira ku Zomba mu 1973, ku sukulu imene inkatchedwa Chancellor College. Kuyambira 2021 sukulu ya ku Zombayo ndiyo itchedwa University of Malawi. Ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, Catholic University of Malawi nayonso iphunzitsa malamulo, ndipo ku Mzuzu University kuli maphunziro a za chitetezo.

Wophunzira malamulo aphunzira zambiri, za malo, za maukwati, za malonda ndi za kayendetsedwe ka boma. Koma pa nkhani ya upandu pali zinthu zinayi zimene munthu aliyense ayenera kuzimva, ngakhale sadzafika ku Zomba.

Choyamba ndicho kudziwa chimene chitchedwa mlandu. Pali buku lalikulu lotchedwa Penal Code, limene linalembedwa mu 1929, niliyamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo lakonzedwa kambirimbiri kufikira lero. M'bukumo mwalembedwa milandu ndi zilango zake. Boma silingalange munthu pa chinthu chimene lamulo silinachitche mlandu. Ndiponso pa milandu yambiri woweruza ayang'ana zinthu ziwiri, chimene munthu anachita ndi chimene chinali m'maganizo mwake. Mayi akatenga thumba la ufa la mnzake kuchigayo, poyesa kuti ndi lake chifukwa matumba afanana, sanabe. Koma akalitenga akudziwa kuti si lake, ndi cholinga choti mwini wake asalionenso, pamenepo waba. Dzanja lachita chimodzimodzi, koma mtima wasiyana.

Chachiwiri ndicho kazengedwe ka mlandu, kuchokera pa tsiku limene munthu wagwidwa kufikira tsiku la chigamulo. Malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, anena zimenezi pa gawo 42. Munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Aonekere kukhoti asanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere pa tsiku loyamba limene khoti litsegula. Ali ndi ufulu wothandizidwa ndi loya. Belo sindiye kuti mlandu watha. Ndi chilolezo chakuti munthu adikire mlandu wake ali kunyumba, atalonjeza kubwera pa tsiku loikika, ndipo akathawa amangidwanso. Milandu yambiri iweruzidwa ndi amajisitireti m'maboma, koma ya kupha munthu ndi ya kuukira boma ipita ku High Court. Wosakhutira ndi chigamulo angathe kuchita apilo ku bwalo lapamwamba.

Chachitatu ndicho umboni. Pamaso pa lamulo munthu ali wosalakwa kufikira boma litaonetsa kuti walakwa. Si udindo wa wozengedwa mlandu kudziyeretsa. Amene anena kuti "uyu waba" ndiye abwere ndi mboni. Ndipo mboni inene chimene inaona ndi maso ake kapena kumva ndi makutu ake, osati za "akuti akuti" zimene inatola pamsika. Woweruza akatsala ndi chikayiko chenicheni, am'masula munthuyo. Apa ndi pamene amalume anakhumudwira pa mlandu wa mbuzi zawo. Koma lamulo lomwelo ndilo likadateteza munthu wa matemba, pakuti pa iye panalibe umboni wina koma pampu ya njinga.

Chachinayi ndicho chilango ndi cholinga chake. Kodi munthu atsekeredwa kuti amve kuwawa, kuti ena aope, kapena kuti asinthe? Ophunzira akambirana zimenezi, naphunziranso zifukwa zimene anthu apalamulira, monga njala, ulova, mowa ndi umbombo. Ndende za dziko lino, monga ya Zomba, ya Chichiri ndi ya Maula, zakhala zikusunga anthu ochuluka kuposa muyeso wake. Chifukwa chake pa milandu ing'onoing'ono khoti lingathe kulamula munthu kugwira ntchito yothandiza anthu, monga kulambula pachipatala, m'malo mopita kundende. Ana olakwira lamulo ali ndi lamulo lawolawo la m'chaka cha 2010, ndipo ena atumizidwa ku malo osinthira khalidwe ku Mpemba kapena ku Chilwa, kuti asasakanizidwe ndi akuluakulu.

Mabwalo akale ndi atsopano

Wina angafunse kuti, "Nanga makolo athu analibe chilungamo?" Anali nacho. Bwalo la mfumu pansi pa mtengo linkamva mbali zonse ziwiri, mboni zinkaitanidwa, ndipo wolakwa ankalipa nkhuku kapena mbuzi kuti mudzi ukhalenso pamodzi. Mpaka lero mafumu a ku Phalombe, monga a Nazombe, a Mkhumba, a Kaduya ndi a Chiwalo, pamodzi ndi anyakwawa awo, athetsa mikangano yambiri ya minda ndi ya m'banja, imene ikadadzaza makhoti. Koma kalelo kunalinso mwabvi. Munthu woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mankhwala oopsa, ndipo akafa ankati walakwadi. Lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa mwabvi, ndipo linaletsanso kunenera munthu kuti ndi mfiti.

Ngakhale dziko litalandira ufulu, panali nthawi imene munthu ankaweruzidwa wopanda womuimira. M'chaka cha 1969 boma linapatsa mabwalo otchedwa Traditional Courts mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, ngakhale ya kupha, ndipo maloya sankaloledwa kulowamo. Orton Chirwa uja ndi mkazi wake Vera Chirwa, amene anali mayi woyamba wa dziko lino kukhala loya, anagwidwa mu December 1981. Bwalo lotere linawazenga mlandu woukira boma, niliwagamula kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo Vera Chirwa anatulutsidwa mu January 1993. Ngati anthu odziwa malamulo chotero anasowa powateteza, nanga mlimi wa nandolo akadatani? Amene analemba gawo 42 lija anali kukumbukira zinthu zimenezi.

Ophunzira ku Zomba awerenganso milandu imene inasintha lamulo. M'chaka cha 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, High Court inagamula kuti woweruza asakakamizidwe kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha, koma ayambe wamva m'mene zinachitikira. Pambuyo pake akaidi ambiri anamvedwanso, ndipo ena anabwerera kwawo. Palinso mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, amene anagwidwa vakabu m'bandakucha mu March 2015 ali pa ulendo wopita kukagulitsa malonda ake ku Limbe. Iye sanavomere kuti kuyenda m'mamawa ndi mlandu. Mu January 2017 High Court inagwirizana naye, nithetsa ndime imene anamangidwira. Munthu wamba mmodzi, pothandizidwa ndi anthu ophunzira malamulo, anachotsa msampha umene unkakola osauka ambiri.

Mlandu wa njinga

Amalume aja anali ndi mwana wamwamuna, mnyamata wochita kabaza. Atasunga ndalama miyezi yambiri, anagula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wina pamsika. Anaiyendetsa milungu itatu. Tsiku lina Lachisanu, ali kudikira makasitomala, kunadza bambo wina nagwira chiwongolero cha njingayo, nafuula, "Njinga yanga iyi! Wakuba!"

Monga mwa masiku onse, khamu linasonkhana msanga. Ena anatola miyala, ndipo wina anayamba kufunsa za petulo. Mwayi wake apolisi anali pafupi, namlanditsa malaya atang'ambika, mlomo uli kutuluka magazi. Anamtsekera m'chitokosi.

Uthenga utafika kumudzi, amalume anakhala pansi, miyendo itafooka. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Anathamangira kupolisi, ndipo panja anakumana ndi munthu wina wovala bwino, wosakhala wapolisi, amene anawauza kuti akabwera ndi ndalama ya mbuzi ziwiri, iye adziwa polankhula ndipo mwanayo atuluka. Mkuluyo anabwerera kumudzi namanga mbuzi ziwiri zimene zinatsala m'khola.

Mtsikana uja anali patchuthi. Ataona zingwe m'makosi mwa mbuzi anafunsa, ndipo atamva anagwada nati, "Amalume, mbuzizi zibwezeni m'khola. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo munthu amene mwakumana nayeyo angofuna kukudyerani. Ine sindine loya, ndikali mwana wasukulu, ndipo sindingaime m'khoti kuwalankhulira achimwene. Koma chimene lamulo linena ndichidziwa. Agwidwa Lachisanu, tsono pofika Lolemba ayenera kuonekera kukhoti. Ntchito yathu lero ndi mawa ndi kufuna mboni. Kodi pogula njingayo panali ndani?"

Amalume anamyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamasula mbuzi.

Awiriwo anayenda Loweruka lonse. Anapeza anyamata awiri a kabaza amene analipo pa tsiku logula. Anapeza mkulu wa pamsika amene anaona ndalama zili kuwerengedwa. Ndipo m'nyumba ya mnyamatayo, m'kati mwa Baibulo, anapeza kapepala kong'ambidwa m'kope, pamene panalembedwa tsiku, mtengo wa njinga, nambala yake ya pachitsulo, ndi maina a mboni. Amalume anakagwira kapepalako, nakatembenuza uku ndi uku, koma sanathe kuwerenga ndi liwu limodzi lomwe. Anakapereka kwa mtsikanayo nati, "Tandiwerengera, mwanawe."

Mtsikanayo anawafotokozeranso kuti kugula chinthu chakuba kukhala mlandu pokhapokha wogulayo akudziwa kuti ndi chakuba, kapena ali ndi chifukwa choganizira tero, monga ngati agula usiku mobisa, kapena pa mtengo wotsika mosayenera. Anawauza kuti mlandu ukakula, osauka ali ndi kothawira. Kuli bungwe la boma la Legal Aid Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene lipereka maloya kwa anthu osatha kulipira. Kulinso alangizi a za malamulo, amene chiyambire chaka cha 2000 ayendera ndende ndi makhoti kuthandiza omangidwa kumvetsa milandu yawo.

Lolemba mnyamatayo anaonekera pamaso pa majisitireti, nakana mlandu. Anapatsidwa belo, ndipo amene anamuimira kuti sathawa ndiwo bambo ake omwe, munthu amene kale ankati belo ndi khomo la mbava. Mlanduwo sunathe msanga. Unaimitsidwa kawiri, ndipo ulendo uliwonse unadya ndalama ndi tsiku la kumunda. Mwini njinga anapereka umboni wake, ndipo zinaoneka kuti njingayo inalidi yake, inabedwa pakhomo pake usiku. Iyenso anali munthu wolakwiridwa. Koma mboni za mnyamatayo zinanena chimodzimodzi, kapepala kaja kanawerengedwa, ndipo mtengo unapezeka kuti unali woyenera, wolipidwa masana anthu akuona. Majisitireti anagamula kuti boma lalephera kuonetsa kuti mnyamatayo ankadziwa za kubako, nam'masula. Njinga inabwezedwa kwa mwini wake. Ndalama za mnyamatayo zinapita, ndipo amene anamgulitsa njingayo sanapezeke.

Pobwerera kumudzi amalume anang'ung'udza njira yonse. "Njinga yapita, ndalama zapita, wakuba ali kudya kwawo. Chilungamo chake n'chimenechi?"

"Ndalama zapitadi, amalume," anayankha mtsikanayo, "koma achimwene tili nawo, ndipo dzina lawo layera."

Ulendo wobwerera

Kunena kuti mkuluyo anasinthiratu kungakhale kunama. Mpaka lero anena kuti maloya achuluka mawu, ndi kuti makhoti ayenda ngati nkhono. Pa zimenezi sanalakwe kwenikweni, ndipo mtsikanayo avomereza. Anthu ophunzira za milandu ndi ochepa poyerekeza ndi milandu yake, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Koma ntchito zimene maphunzirowa atsegula ndi zambiri. Ena akhala amajisitireti, ena oimira boma pa milandu, ena oimira ozengedwa, ena alangizi a apolisi ndi a ndende. Woimira boma ndiye alankhulira munthu woberedwa mbuzi, ndipo akaphunzira bwino kusonkhanitsa umboni, wakuba sapyola. Choncho sukulu imodzi yomweyo iphunzitsa kuteteza wosalakwa ndi kugwira wolakwa.

Tchuthi chitatha, amalume sanatume munthu. Anamanga okha chikwama cha mtsikanayo panjinga yawo yakale, pamodzi ndi kathumba ka nandolo, namperekeza mpaka pokwerera minibasi. Poyembekeza galimoto anati, osamyang'ana kumaso, "Pita, mwanawe. Za kumasula osalakwa ndaziona. Koma ukaphunzirenso za kugwira wakuba weniweniyo, pakuti ameneyo akali panja."

"Ndamva, amalume," anatero mtsikanayo.

Mwezi womwewo mkuluyo analembetsa ku sukulu ya kwacha. Anzake atamseka kuti nkhalamba ifuna chiyani ndi pensulo, anawayankha kuti kapepala kamodzi kanapulumutsa mwana wake iye osatha kukawerenga, ndipo safuna kuti zimenezo zidzachitikenso.

Inu amene mwawerenga nkhaniyi ndi maso anuanu, mwina simudzaphunzira ku Zomba, koma zina mungathe kuzichita kuyambira lero. Mukagula njinga, wailesi, foni kapena mbuzi, lembani papepala tsiku, mtengo ndi maina a mboni, ndipo pepalalo mulisunge. Mbale wanu akamangidwa, funsani chifukwa chake, werengani maola 48, ndipo musapereke ndalama kwa munthu wa panjira. Mukamva mfuu ya "wakuba", kumbukani kuti kupha munthu woganiziridwa ndi mlandu wakupha, ngakhale oponya miyala atachuluka chotani, ndipo mlandu suola. Mperekeni kupolisi, ndipo ngati munaonadi kanthu, pitani kukhoti mukachitire umboni, pakuti wakuba ambiri amasulidwa chifukwa mboni zinakhala kunyumba. Mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, akadzati afuna kuphunzira za milandu, musafulumire kumkaniza. Anyakwawa aja a ndodo akalamba, ndipo pafunika ena odzaima pakati pa khamu ndi munthu amene sanalankhule.